Azakhali Akuyankha: Geti Silitchinga Achibale

Ana anga a ku mapuloti, mwaswera bwanji kuseri kwa mageti anuwo? Ndafunsa dala, chifukwa masiku ano kukuonani n'kovuta. Kale ukamadutsa m'njira unkadziwiratu kuti apa aphika nyemba, apo mwana wagona ndi malungo, uko bambo sanagone pakhomo. Lero kuchokera pa Katete Stores kulowera ku boma, ngakhalenso ku Sinda m'mbali mwa msewu wa Great East, ndi mipanda ya mabuloko yokhayokha, pamwamba atazikapo mabotolo osweka. Koma makalata anu akundipezabe, ndipo ndikawerenga ndikuona kuti zimene munkathawa kumudzi zinalowa nanu limodzi geti lisanatsekedwe. Tiyeni timve.

*Azakhali, ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa salaula pamsika. Ine ndi amuna anga tinamanga nyumba ya zipinda zitatu. Chikhomereni malata, aliyense wochokera kumudzi amafikira kwathu: wodwala wopita ku chipatala cha St Francis, womudikirira, ngakhale wongodutsa. Ogasiti akafika, a ku Kulamba amagona mpaka kukhitchini. Palinso mwana wa alamu anga, alongo awo a amuna anga, amene anabwera kudzalemba mayeso. Pano wamera ndevu, sakuchoka, ndipo amauza anzake kuti nyumba ya amalume ndi yake. Ufa sukufika kumapeto kwa mwezi. Ndichite chiyani? — Wotopa, Katete*

Mwanawe, pukuta misozi ndi salaula wakoyo, ukhale pansi. Unakamanga pafupi ndi chipatala chimene chakhala chikulandira odwala kuyambira 1948, ochokera ku Chadiza, Vubwi, Sinda, ngakhale a kutsidya kwa Chanida ku Mozambique. Unamanganso pafupi ndi Mkaika, kumene chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ndiye ukudabwa chiyani? Walira mvula walira matope.

Za odwala ndi owadikirira, nkhaniyo ndaitseka ndisanaiyambe. Mayi amene wagwedezeka tsiku lonse pamsewu, mwana wodwala ali kumsana, umupatse madzi osamba ndi mphasa, ngakhale ndiwo zitakhala nkhwani wopanda nsinjiro.

A ku Kulamba ndi ena. Amenewo abwera ndi miyendo yolimba kudzaona gule. Kuwaletsa sungathe. Atsamunda anauletsa mwambowu mu 1934, Achewa anapirira zaka 50, mu 1984 n'kuuyambanso, ndiye iwe ungawagonjetse ndi loko wa pageti? Chimene ungachite n'kutumiza uthenga kumudzi mwezi wa Julayi, nkhokwe zikadali zodzaza, kuti aliyense wobwera asenze meda ya nshawa, kapena ufa, kapena kankhuku. Mafumu enieniwo safika chimanjamanja pamaso pa Gawa. Nanga kwa iwe afikirenji manja lendelende? Uzinene moseka, koma uzinene.

Tsopano tifike pa mnyamata wandevuyo, chifukwa chakulembetsa kalata n'chimenecho, zinazi unangokometsera.

Mnyamatayo sakupenga ayi, akubwereza zimene anamva kwa agogo ake. Kwathu kuno mwana amatsata kwa mayi, mwini mbumba ndi malume, ndipo kale zimene malume wasiya zinkapita kwa abale a kuchikazi, ana ake enieni n'kumayang'ananso kwa amalume awo. Zinkayenda nthawi imene chuma chinali khasu, mbuzi ndi munda wa mbumba. Koma mabuloko a nyumba iyi ena anagulidwa ndi mabelo ako a salaula, ndipo agogo akewo sanaikepo ngakhale msomali.

Lamulo la dziko linanena kale. Kuyambira 1989, munthu akamwalira osalemba wilo, pa 100 iliyonse ya chuma chake 50 imapita kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Likamati odalira likunena osatha kudzisamalira okha, osati wandevu wamanja ndi miyendo amene amadzuka dzuwa lili pamutu. Nyumba yokhalamo ndi ya mkazi ndi ana, ndipo mkaziyo amakhalamo mpaka atamwalira kapena kukwatiwanso. Usayambe kululutira, sindinathe. Lamulo limeneli silikhudza malo a mfumu. Ndiye ndikufunse, puloti yanuyo ili ndi pepala lanji? Ngati ndi ya khonsolo, tsatirani mpaka taitolo ituluke. Ngati munagula kwa anyakwawa, muli ndi kakalata kolemba pamanja kamene mukusunga m'Baibulo, dziwa kuti malowo akadali m'manja mwa mfumu. Kuti asanduke a taitolo ya zaka 99 pafunika chilolezo cha mfumu yaikulu, kenako khonsolo, kenako ofesi yoona za malo. Ndi ulendo wotopetsa, koma uyambeni nonse muli moyo, ndipo papepalapo palembedwe maina awiri, lako ndi la amuna ako. Alembenso wilo. Akakuuza kuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa, uwafunse ngati onse agona kumanda aja analemba.

Kodi amuna akowo ali kuti pa nkhani yonseyi? M'kalata mwako ndawaona pokhoma malata pokha, kenako azimiririka. Za mnyamatayo usayankhule ndiwe. Ukangotsegula pakamwa, kumudzi adzati achimwene unawadyetsa kondaine. Akhale pansi iwowo ndi alongo awo, amuuze mwanayo tsiku lochoka kapena ntchito yogwira. Ndalama za chitukuko za CDF za dera lililonse la phungu zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mbali ina imalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Akafunse ku komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu, akaphunzire kumanga. Popeza amakonda nyumba, amange yake.

*Azakhali, pepani Chinyanja changa, ndine Mbemba wa ku Kasama. Ndili m'gulu la aphunzitsi amene boma linalemba mu 2022, ananditumiza ku Vubwi. Ndimachita lendi kanyumba kopanda mpanda. Anthu a kuno amadziwa zonse: chimene ndadya, amene wabwera kudzandiona, nthawi imene wachoka. Mwezi watha panachitika maliro pafupi, sindinapite chifukwa sanandiitane, ndipo malemuwo sindinkawadziwa. Pano moni wanga akuyankha ndi mphuno. Ndikusunga ndalama zoti ndipeze nyumba ya mpanda. — Mphunzitsi, Vubwi*

Bwera kuno mbuya wanga, wakudya anyani iwe! Mwa aphunzitsi oposa 30,000 amene analembedwa chaka chimenecho, Mulungu anasankha iweyo kuti ubwere kwa ambuye ako udzaphunzire khalidwe. Thokoza. Ndipo mbewa zathu usazinyoze, malipiro akadzachedwa udzazifunsa mtengo.

Wati sanakuitane. Mwamva anthu inu? Kodi ku Kasama amagawa makadi a maliro? Maliro saitanira, mwanawe. Ukamva kulira, tseka chitseko, tenga kandalama ka chipepeso, ukakhale pamoto ndi azibambo. Palibe adzakufunse ngati malemuwo unkawadziwa. Chimene anthu amayang'ana n'chakuti ndani anabwera, ndani sanabwere, ndipo zimenezo saiwala. Chondipweteka n'chakuti iweyo unali ndi mwayi umene mphunzitsi wa ku Mongu alibe. Pamaliro a ife a kum'mawa, Mbemba ndi mbuya. Ndiye amaloledwa kuseka anamfedwa, kuwapaka ufa kumaso, kutolera tindalama, kuthandiza ntchito zimene eni maliro sangathe chifukwa cha chisoni. Ukanangofika n'kunena chipongwe chimodzi chabwino, bwenzi pano akukubweretsera maungu.

Konza msanga. Pita kwa anyakwawa kapena kwa mkulu wa mpingo umene umapempherako, akuperekeze kunyumba ya masiyeyo. Ukanene kuti ndine mlendo, ndinalakwa, nachi chipepeso changa. Adzakuseka sabata yathunthu, kenako zatha.

Za mpanda iwalako kaye. Vubwi ndi boma la dzulodzulo, linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, ndipo anthu a kwa Pembamoyo sanayambe kuopana. Kasama ndi kutali. Ukadzagwa ndi malungo pakati pa usiku, amene adzakudzutsire mnyamata wa njinga yamoto ndi amayi omwewo amene amawerenga alendo ako. Ngati zikukuwawa kuti akuwerenga, chepetsa alendowo, kapena usankhe mmodzi umuonetse kwa anthu masana. Zotinso ukuganiza zosiya choko ukakumbe golide, ndinazimva kale. Usandifunse kuti ndinamva kwa yani.

*Azakhali, chitatha chilala cha 2024 ndinakumbitsa mjigo m'yadi mwanga, ndinaika thanki ndi pampu ya sola. Ndinalola banja limodzi kutunga. Lero tambala asanalire zigubu zandanda pageti, ana akuthyola mango anga, ndipo pampu itawonongeka palibe anasonkha. Ndikatseka akuti ndine wokhwima. — Bambo wa ku Sinda*

Achimwene, inu ndiye mwandimvetsa chisoni pang'ono, pang'ono pokha. Chaka chimenecho tonse tikuchikumbuka. Mu Febuluwale a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko, chimanga chinauma chisanabereke, madzi a ku Kariba anatsika, magetsi n'kumabwera anthu atagona. Inu munali ndi kangachepe, munakumba. Munachita bwino. Koma mwaika thanki pamwamba, loonekera dera lonse, pamalo pamene nyumba zathamanga kuposa mapaipi chikhalireni Sinda boma mu 2012, ndiye mumati anthu aziliyang'ana ngati chokongoletsa?

Vuto lanu ndi lakuti madzi ndi mango zili mbali imodzi ya mpanda. Boolani khoma, mutulutse paipi, muike mpopi kunja. Nenani nthawi yotunga, m'mawa ndi madzulo. Itanani mabanja onse otungawo, mugwirizane kandalama ka pamwezi kokonzetsera pampu, ndipo kasungidwe ndi amayi awiri amene iwowo asankhe. Inu musakakhudze. Mukangokagwira ndinu, mawa mudzamva kuti mukugulitsa madzi a Mulungu ndipo galimoto mwagulira zomwezo. Wokana kusonkha adzakambirana ndi amayi anzake pamzere, ndipo amenewo ndi akuthwa kuposa inu ndi ine.

Ziwiri ndikunong'onezeni. Kuyambira 2018 mijigo imayenera kulembetsedwa ku bungwe loona za madzi la WARMA, ndiye musanakangane ndi anthu onetsetsani kuti pepala lanu lilipo, chifukwa woyamba kukakunenezani ndi yemwe mwamukaniza madzi. Chinanso, mapuloti a masiku ano ndi ang'onoang'ono, chimbudzi cha mnzanu chili kuseri kwa khoma lomwelo. Kayezetseni madziwo, ndipo akumwa muzithira klorini. Za mango, ana a eni ake akhala akuthyola mango chiyambire dziko. Inunso munathyola.

Malo atsala pang'ono, ndiye ena ndikuyankheni mwachidule. Mtsikana wa ku Katete amene ukufunsa ngati mnyamata woyendetsa thiraki za ku Beira ali ndi mkazi kwina: ngati foni yake imazima akangodutsa Chanida n'kudzayaka pobwerera, netiweki isanamiziridwe. Bambo amene nkhumba zanu zikufukula dimba la eni ake, mangani khola, kumapuloti kulibe dambo la agogo anu.

Ndipo iwe wa ku Sinda amene unalandira chilimba choyamba mu Januwale, n'kugula sofa, kuyambira pamenepo mwana wako amayankha alendo kuti "amayi akuti kulibe": sunandilembere, koma anzako andilembera. Akuti Loweruka akubwera ndi ngolo kudzanyamula sofayo. Ndawaletsa, chifukwa kulanda katundu wa mwini popanda chigamulo ndi mlandu, ndipo ndawapempha akudikire mpaka kutha kwa mwezi. Koma ndawalongosoleranso njira ya kukhoti.