NKHONDO YA MKRISTU WA MALONDA

Munthu wocokera ku Lusaka kumka kumwera, akayenda makilomita oposa 40, afika ku Kafue, m'mbali mwa mtsinje waukuru wa dzina lomwelo. Njanji inaoloka mtsinjewo pa mlatho m'caka ca 1906, koma mudziwo unakula ndithu dziko litalandira ufulu, pamene Boma linamangako mafakitale: ina ya feteleza, ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito m'caka ca 1970, ndi ina ya nsalu, ya Kafue Textiles. Akuru ambiri mukumbukira abale anu amene anasiya khasu ku Petauke, ku Katete ndi ku Chipata kukalembedwa nchito kumeneko.

Koma zinthu zinatembenuka. Citapita caka ca 1991 makampani a Boma anayamba kugulitsidwa. Pambuyo pace fakitale ya nsalu inatsekedwa, ndipo ya feteleza inacepetsa anthu. Iwo amene anazolowera malipiro a pa kutha kwa mwezi anayamba kudzifunira okha. Wina anagula cigayo, wina anayamba kuwocherera zitseko ndi mazenera acitsulo, wina kuumba mabuloko a simenti, wina anatsegula kantemba, ndipo amai ena anayamba kupikula nsomba kumtsinje. Pakati pao pali ana ambiri a mipingo yathu. Phunziro ili ndi lao. Komanso ndi lanu, inu a kumidzi amene mugulitsa cimanga ndi nsawa pa msika.

Tsegulani Aefeso 6, kuyambira ndime 10, pamene Paulo achula zida za msilikali wa Kristu. Kodi munayamba mwaganizapo kuti anthu a ku Efeso anali otani? Mudzi wao unali wa pa dooko, wodzala ndi amalonda ndi amisiri, wochukanso ndi matsenga. Paulo yemwe, pokhala kumeneko, anadya thukuta la manja ace. Tsono pa Macitidwe 19 tipeza nkhani zitatu zotsatana: ana asanu ndi awiri a Skeva, amene anayesa kugwiritsa nchito dzina la Yesu monga mankhwala; okhulupirira amene anatentha mabuku ao amatsenga, a mtengo wa ndarama zasiliva 50,000; ndi Demetrio wosula siliva, amene anautsa cipolowe poona kuti Uthenga uononga malonda ace a tiakacisi ta Artemi. Nkhani zonse zitatu zikhudza mphamvu ndi cuma. Cotero zida zija zinaperekedwa kwa anthu odziwa sikelo ndi ngongole, monga a ku Kafue lero.

Mdani ndani?

Apa ndipo ambiri asocera. Sitolo ya mnansi ikadzala ndi ogula, yako ili zii, manong'onong'o ayamba: “Uyo anakhwima, usiku amgwirira nchito ndondoca.” Ndarama zikaperewera m'bokosi, ati ndi citaka. Ndipo Mkristu, amene dzulo anali kuyimba m'kwaya, ayamba kupenya mnzace ndi diso lofiira, namtenga ngati mdierekezi wobvala malaya.

Sitikana kuti mizimu yoipa iliko. Paulo anaiturutsa ku Efeso komweko. Koma iye anena poyera kuti amene tilimbana naye si munthu mnzathu wa thupi ngati lathu. Taonani cimene cinacitika m'caka ca 2024. Mvula inakana, kotero kuti pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo masiku ena magetsi anali kuyaka maora atatu okha pa tsiku. Zigayo zinakhala cete, owocherera zitsulo anadikira usiku wonse pafupi ndi makina ao. Kodi mnansi ndiye anamwa madzi a ku Kariba? Koma m'miyezi yotere Satana akolola zambiri. Iye safuna cigayo canu. Afuna mtima wanu, ndipo akakuphunzitsani kuda mbale wanu, nkhondo yatha musanasolole lupanga. (Dziwaninso kuti lamulo la Zambia lilanga munthu wochula mnzace mfiti.)

Dzina la Yesu si cithumwa

Mantha akalowa, munthu afuna cotsirikira. Ena amka kwa sing'anga usiku, nakwirira nyanga pa khomo la sitolo, nabisa kakala m'bokosi la ndarama. Izi mpingo unazitsutsa kale, ndipo aliyense adziwa kuti nzoipa. Cifukwa cace azicita mumdima. Coopsa koposa ndi cina cimene cicitika masana, Baibulo lili m'manja. Munthu agula kabotolo ka mafuta kapena madzi opemphereredwa, nawaza pa katundu wace kuti ogula adze. Wina auzidwa kuti akapereka “mbeu” ya ndarama zakuti, mpamba wace udzaculuka kakhumi mwezi usanathe. Wina apacika vesi pa khoma, osati kuti alimvere, koma kuti ligwire nchito ya nyanga ija.

Abale, ici ndico cinyengo ca ana a Skeva. Iwo anachula dzina loona, koma mwini dzinalo sanamdziwa. Anafuna mphamvu yace popanda kugonjera ufumu wace, ndipo anathawa m'nyumba muja amarisece ndi mabala. Cithumwa ndi cinthu cimene munthu acilamulira atacilipira. Mulungu salamulidwa, ndipo sagulidwa. Simoni wa ku Samariya anayesa ndi ndarama zace, ndipo Petro anamdzudzula kowawa. Munthu amene wasinthanitsa nyanga ndi kabotolo wangosintha sing'anga. Ine ndaona amai wina, wogulitsa nsomba zouma, atapereka theka la mpamba wace monga mbeu. Mwezi unatha, phindu silinadze, ndipo anamuuza kuti cikhulupiriro cace ncocepa. Anataya ndarama, ndipo cimene cinandiwawa ine koposa, anayamba kukayika ngati Mulungu amkonda.

Pamene nkhondo igundika

Penyaninso zida zija: coonadi, cilungamo, Uthenga wa mtendere, cikhulupiriro, cipulumutso, Mau a Mulungu ndi pemphero. Palibe cimodzi cogulitsidwa m'botolo. Ndipo coyamba kuchulidwa ndi coonadi, cimene cifanizidwa ndi lamba womanga m'cuuno. Lamba akamasuka, zida zonse zigwa.

Kwa wamalonda lamba uyu amangidwa pa muyeso. Mneneri Amosi, pa mutu 8, adzudzula iwo amene acepetsa muyeso, nakweza mtengo, nagulitsa ndi mungu womwe. Mau amenewa sanakalambe. Meda yoponderezedwa pansi pace, yogulitsira, ndi ina yotupa, yogulira kwa mlimi. Ufa wotsala dala m'cigayo. Thumba limodzi la simenti lotambasulidwa ndi mcenga kufikira mabuloko afumbutuka m'manja, ndipo khoma la mkazi wamasiye ligwa ndi mvula yoyamba. Citsulo copyapyala cobisidwa ndi utoto. Palinso kabvulopu koperekedwa mseri kuti katundu wako ndiye alandiridwe, ndi malipiro a mnyamata waganyu amene acedwetsedwa sabata ndi sabata, pamene Yakobo, pa mutu 5, acenjeza kuti kulira kwa anchito otere kufika kwa Ambuye. Pa zonsezi palibe ciwanda cooneka, palibe kufuula kapena kugwa pansi. Pali kamau kofatsa kokha kakuti, “Onse acita cotero, ukapanda kutero ana ako adzagona ndi njala.” Umenewo ndiwo mubvi woyaka moto, ndipo cikhulupiriro ndico cikopa cace.

Pakuti cikhulupiriro ca wamalonda sicitanthauza kutsimikiza kuti phindu lidzabwera. Citanthauza kudalira Atate kufikira munthu akhoza kukana phindu losalungama. Ndiyenera kunena mosabisa: nthawi zina woyesa muyeso woona asauka, ndipo wonyenga amanga nyumba yamalata. Paulo anadziwa kukhuta, anadziwanso njala, ndipo sanayesa njalayo cizindikiro cakuti Mulungu wamtaya. Koma dzina labwino liyenda pang'onopang'ono ngati fulu. Mmisiri amene zitseko zace sizithyoka, anthu auzana.

Mau awiri pa za ngongole ndi Sabata. Kaloba ndi msampha: ciongola dzanja cace cikula msanga kuposa phindu la kantemba, ndipo cikole cimka. Mkristu asakongoze mnzace mwa njira imeneyo, ndipo asafulumire kukongola. Cilimba ca anthu okhulupirika cathandiza ambiri. Kunena za Sabata, werengani Nehemiya 13, muone zimene anacita ndi anthu a ku Turo ogulitsa nsomba m'Yerusalemu. Munthu wotseka sitolo yace kuti akapembedze abvomereza ndi loko yemweyo kuti si manja ace okha amdyetsa.

Nchito ya akuru a mpingo

Tsono munthu akadza kwa inu, akuru, ali ndi mantha kuti malonda ace alodzedwa, musamseke, ndipo musamtsimikizire mantha acewo. Pempherani naye, ndi kumkumbutsa kuti Kristu anagonjetsa maulamuliro onse pa mtanda. Ngati ali ndi nyanga kapena kabotolo, aziturutse, zitenthedwe monga ku Efeso, osawerengera mtengo wace. Mutatero khalani naye pansi, mumfunse buku lace la malonda. Kawirikawiri mudzapeza kuti buku palibe. Yambani naye kuwerenga: sopo amene anatengedwa kumka kunyumba, shuga wa mlamu wolonjeza kulipira mawa, ndarama za maliro zotapidwa mu mpamba, za sukulu, za basi. Zikalembedwa zonse, citaka cija cioneka nkhope yace, ndipo nthawi zambiri ndi nkhope ya pa banja pomwepo. Mgulireni kabuku ndi pensulo, mumuonetse kulemba zolowa tsamba lina ndi zoturuka tsamba lina, ndi kudzipatsa yekha malipiro osakhudza mpamba. Pakutha pa mwezi mupitekonso, mukaone bukulo pamodzi. Ndipo ngati analeka kulonjerana ndi mnansi uja wa sitolo yodzala, mumperekeze kufikira pa khomo pace.