INJINI YA PAMADZI IKAKANA KULIRA

Mtsinje wa Shire upita kumadzulo kwa Chileka ndi Lirangwe, koma munthu angathe kukhala pagombe pache mwezi wathunthu osaona boti la injini likudutsa. Chifukwa chache ndi mathithi. Kuyambira ku Matope kutsikira ku Kapichira madzi athamanga pamiyala, ndipo palibe chombo chingapyole pamenepo. David Livingstone anafika kumunsi kwa mathithiwo m'chaka cha 1859 ndi sitima yache Ma Robert, nalephera kupitirira. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia anachita kumasula sitima yao Ilala zidutswa-zidutswa. Anthu mazana ambiri anazisenza pamitu kufikira kumtunda kwa mathithi, kumene anaimanganso.

Chotero injini ya pamadzi imene ife a kuno tiidziwa si ya boti ai, koma ya pampu yothiririra m'dimba. Masiku ano mau ache amveka m'mbali mwa Lunzu, Lirangwe, Likhubula ndi Shire yemwe, ndipo chirala cha 2024 chinakumbutsa ambiri kuti dimba ndi nkhokwe yachiwiri. Koma pampu ikaima mwezi wa October, matimati ndi chimanga cha mondokwa sizidikira makaniko wa ku Blantyre. Masiku owerengeka opanda madzi akwanira kuyoyola maluwa, ndipo ndalama za mbeu ndi feteleza zapita.

Pa nkhani imeneyi aphunzitsi athu abwino ndiwo asodzi a ku Mangochi ndi Monkey Bay. Injini ya boti ndi ya pampu ndi pachibale: zonse zifuna petulo wabwino, moto wa pulagi, mpweya ndi kuziziritsidwa, ndipo nthenda zao nzofanana. Msodzi amene injini yamzimira pakati pa nyanja, mwera uli kuomba, alibe womuitana. Chomwecho anaphunzira kufufuza mwa dongosolo, kuyambira pa zinthu zosafuna sipanala. Mlimi kawirikawiri achita zosiyana. Athamangira kumasula kabuleta pamchenga, nataya tizitsulo tache m'udzu, pamene bvuto linali kampopi ka petulo kotseka. Phunziro lathu la mwezi uno ndi dongosolo limenelo.

YAMBANI NDI PETULO

Nthenda zambiri za injini zazing'ono zichokera m'thanki. Onani poyamba ngati petulo alimo, ngati kampopi kache nkotsekula, ndiponso ngati switchi yayatsidwa. Tidziwa kuti ena aseka powerenga zimenezi, koma amakaniko a pa Lunzu angakuuzeni za mainjini amene anabwera pa njinga mtunda wautali opanda nthenda ina iri yonse. Pa chitsekero cha thanki pali kabowo kolowera mpweya. Kakatsekeka ndi pfumbi, injini ilira bwino mphindi zingapo, nizima yokha, ndipo mukatsekula chitsekerocho iyambanso. Pa thanki ya boti kabowoko kali ndi kasikuluu kotsekula ndi dzanja, ndipo msodzi afinyanso kampira ka pa payipi ya petulo kufikira katalimba.

Mdani wamkuru ndiye madzi. Kuyambira m'chaka cha 1982 petulo wa m'dziko muno asakanizidwa ndi ethanol, amene ali ngati kachasu waukali wopangidwa ndi zotsalira za nzimbe ku Dwangwa, ndipo kuyambira 2004 ku Chikwawanso. Petulo wotere alibe chirema akakhala watsopano, koma ethanol amamwa chinyezi cha mumpweya. Chigubu chosadzaza chimene chikhala padzuwa usana ndi kuzizidwa usiku chichita thukuta m'kati, ndipo madziwo atsikira pansi, pamene injini iyambira kukoka. Kuti mutsimikize, thirani petulo pang'ono m'botolo loyera lagalasi, mulikhazike. Ngati muli madzi mudzawaona atakhala paokha kunsi kwa botolo. Pamenepo khuthulani thanki yonse, ndipo masulani kasikuluu ka pansi pa kambale ka kabuleta kuti zotsala zituluke. Kusefa ndi nsalu kuchotsa zinyalala zokha. Madzi apyola pansalu.

Tichenjezenso za petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa mseu, amene alimi agula mafuta akasowa pamalo omwetsera. Wina asakanizidwa ndi palafini, ndipo injini ibvuta kuliza, ifuka utsi ndi kugogoda. Gulani wokwanira mwezi umodzi. Petulo wogonera miyezi asiya utomoni umene utseka timabowo ta kabuleta.

Mau amodzi kwa iwo amene anagwirapo nchito kunyanja. Mainjini ambiri a maboti alibe mosungira oyilo, chotero asodzi asakaniza oyilo ndi petulo m'thanki momwemo, kawirikawiri gawo limodzi pa magawo 50, ndiko kuti mamililita 400 pa malita 20. Mapampu ambiri a m'madimba sali otero. Oyilo ali ndi malo ache kunsi kwa injini. Mukathira oyilo m'petulo wa pampu yotere mudzangodetsa pulagi.

MOTO NDI MPWEYA

Petulo akapezeka wabwino, chotsani pulagi ndi sipanala yache, muyang'ane kunsonga kwache, pakuti pulagi ndiyo mboni ya zochitika m'kati. Ikakhala ya mtundu wa dothi louma, injini iri bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo achuruka ndipo mpweya uchepa: kapena sefa ya mpweya yatsekeka, kapena choko anaiwalika atatsekedwa. Ikanyowa ndi petulo, injini yatsamwa. Tsekani kampopi, tsekulani choko, kokani chingwe kangapo pulagi iri kunja, ndipo munthu wa fodya akhale kutali. Ikakhala yakuda ndi yonona, injini iri kutentha oyilo.

Mpata wa pakati pa tizitsulo tiwiri ta kunsonga ukhale mamilimita 0.7 kufikira 0.8 pa mainjini ambiri a mapampu. Amene alibe choyesera ayese ndi chiphaso chache cha unzika, pakuti kuchindikala kwache kuli pomwepo. Poyesa moto, bwezerani pulagi ku waya wache, khudzitsani chitsulo chache pathupi la injini kutali ndi bowo, ndipo mnzanu akoke chingwe. Moto wabwino uthetheka mobiriwira. Ukasowa, musafulumire kunena kuti koilo yapsa. Mainjini ambiri a mapampu ali ndi kachipangizo kozimitsa moto oyilo akachepa, ndipo kachita chimodzimodzi injini ikakhala chopendekeka pagombe lotsetsereka. Salazani malo ndi khasu, ikani thabwa, onjezani oyilo, muyesenso. Pobwezera pulagi yambani kupota ndi zala, sipanala pambuyo; mazinga a mutu wa injini ngofewa, ndipo akaonongeka mtengo wache uposa wa mapulagi ambiri.

Asodzi sabvutika ndi pfumbi, koma ife a ku Chileka ndi Lirangwe tilidziwa bwino m'miyezi ya September ndi October. Sefa ya siponji ichapidwe ndi sopo, iume, mudonthezepo oyilo pang'ono ndi kufinya. Ya pepala ingogogodedwa. Kuliza injini popanda sefa kuli ngati kuidyetsa mchenga.

Oyilo wa injini ya pampu ya mahachi 5.5 kapena 6.5 ndi wochepa, pafupi malita 0.6, ndipo chifukwa cha kuchepako atopa msanga. Injini yatsopano isinthidwe oyilo itagwira maora 20, pambuyo pache maora 100 ali onse. Wothirira maora 4 pa tsiku awerenge yekha: ndi masiku 25 okha. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Wakale musamtaye mumtsinje umene anzanu akumunsi amwa.

INJINI IRI KULIRA, MADZI OSATULUKA

Apa ndipo pataika masiku ambiri. Msodzi akaliza injini, diso lache liri pa kamadzi kamene kathovoka kumbuyo kwache, pakuti injini ya boti iziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja okokedwa ndi kagudumu ka mphira. Kamadziko kakaleka, azimitsa pomwepo ndi kuona ngati pepala la pulasitiki kapena udzu zatseka polowera. Adziwa kuti kagudumuko kakazungulira kouma kapsa mphindi isanathe. Injini ya pampu iziziritsidwa ndi mphepo, ndipo ifuna kuti nthiti za pathupi pache zikhale zopanda matope ndi zinyalala. Koma pampu yeniyeniyo iri ndi chotsekera madzi pa mtanda umene uchokera ku injini, ndipo icho chipsa mofananamo. Chifukwa chache dzazani mimba ya pampu ndi madzi musanakoke chingwe, masiku onse. Mukaona madzi akudontha pakati pa injini ndi pampu, chotsekeracho chatha.

Pampu yodzazidwa bwino ikakana kukoka, kawirikawiri payipi yokokera iri kuba mpweya. Kabowo kosaoneka ndi maso nkokwanira. Onani ngati kamphira ka polumikizira kalipo, pakuti katayika msanga posamutsa pampu. Mangitsani zomangira, ndipo pong'ambika kulungani zolimba ndi mphira wa chubu cha njinga kufikira mutapeza payipi ina.

Palinso malire amene palibe makaniko angawasunthe. Pampu sikoka madzi ndi mphamvu yache yokha. Ichotsa mpweya m'payipi, ndipo kulemera kwa mpweya wa kunja ndiko kukankhira madzi m'mwamba. Ngakhale m'mbali mwa nyanja yamchere madzi sangakwere motero kupitirira mamita 10, ndipo mapampu athu alekeza pa 7 kapena 8. Chileka ali pamtunda wa mamita pafupi 780, kumene mpweya upepukirapo, chotero tiweruza kuti pampu isatalikire madzi kuposa mamita 6 choimirira, ndipo kufupikirapo ndiko kwabwino. Ichi chimasulira dandaulo limene timva chaka ndi chaka, lakuti pampu inali yamphamvu mu June koma yafoka mu October. Pampu sinafoke, mtsinje ndiwo watsika. Itsitseni kufupi ndi madzi, mutalikitse payipi yotulutsira, popeza kukankha siibvutika nako monga kukoka.

Kunsonga kwa payipi yokokera kukhale sefa nthawi zonse. Mchenga udya mapiko a pampu pang'ono-pang'ono, ndipo udzu uwatseka. Bvuto limeneli si la alimi okha: namasupuni ndi matope a mu Shire asautsa ngakhale makina a magetsi a ku Nkula, amene anayamba nchito mu 1966, ndi mapampu akuru a ku Walker's Ferry amene akankha madzi kupyolera pa Chileka kunka ku Blantyre. Ikani sefa m'dengu kapena m'chidebe chobooledwa, muipachike pamtengo kuti isagone pansi, ndiponso imire ndithu kuti isamwe mpweya. Ikatsekeka, kokerani payipi kumtunda ndi kuikonzera pouma. Mu Shire muli ng'ona, ndipo ng'ona izolowera malo amene anthu abwera tsiku ndi tsiku. Mwana asatumidwe m'madzi kukatsekula sefa.

Choopsa china chiri m'zitsime. Madzi akatsika, ena atsitsira injini m'chitsime momwemo ndi kulowamo kukailiza. Utsi wa petulo uli ndi mpweya wakupha umene ulibe mtundu kapena pfungo, ndipo m'dzenje sutuluka msanga. Munthu amva chizungulire, miyendo nifoka asanakwere, ndipo wolowa kukampulumutsa agwa pomwepo. Kumbani khonde lotseguka pambali pa chitsime, injini ikhale pamphepo.

Injini ikayamba kuthamanga mopepuka mwadzidzidzi, dziwani kuti katundu wache wachoka. Pa boti ndiye kuti kachitsulo kogwira pulopela kathyoka, ndipo anakapanga dala kofewa kuti kazithyoka m'malo mwa magiya. Wobwezerapo msomali apulumutsa tsiku limodzi naononga zodula. Pa pampu ndiye kuti madzi athawa m'payipi. Zimitsani, mudzazenso.

INJINI YOMIRA, NDI ZOYENERA MAKANIKO

Madzi osefukira, monga a namondwe Freddy mu March 2023, amiza mainjini osiyidwa m'madimba. Injini yomira isakokedwe chingwe pulagi iri momwemo, pakuti madzi sapanikizika ndipo apinda zitsulo za m'kati. Chotsani pulagi, pendeketsani injini, kokani chingwe pang'ono-pang'ono kufikira madzi ataleka kutuluka. Khuthulani oyilo, petulo ndi za m'kabuleta, umitsani sefa, thirani oyilo watsopano, iliritseni mphindi zochepa, ndipo musinthenso oyilo kufikira ataleka kuoneka wamkaka. Zonsezi zichitike tsiku lomwelo, chifukwa dzimbiri liyamba injini ikangotuluka m'madzi. Ngati mwalowa mchenga wambiri, imeneyo ndi ya makaniko.

Za makaniko ndi izinso: kugogoda kwa chitsulo m'kati, utsi wobiriwira wosaleka ngakhale oyilo ali pa muyeso wache, ndi chingwe chimene chikokeka chopepuka osalimba pali ponse. Kasipuling'i kolamulira liwiro kasakhudzidwe. Okakoka kuti madzi achuruke afupikitsa moyo wa injini. Ponka kwa makaniko tengani buku la injini ndi chitsulo chakale chimene mufuna kusintha, ndipo mumuuze zimene mwayesa kale.

Mvula ikayamba ndipo nchito ya dimba yatha, tsekani kampopi injini iri kulira kuti imalize petulo wa m'kabuleta, khuthulani thanki ndi madzi a m'mimba mwa pampu, sinthani oyilo, donthezani oyilo pang'ono pabowo la pulagi ndi kuibwezera, ndipo kokani chingwe pang'ono-pang'ono kufikira chitalimba, pakuti pamenepo zitseko za m'kati zatsekeka ndipo chinyezi sichilowa. Potulukira utsi pakulungidwe ndi kansalu chifukwa cha mavu omanga ndi dothi. Injini ikhale pathandala pamalo ouma, kutali ndi moto wa kukhitchini, ndipo mapayipi apachikidwe pamthunzi pamene makoswe safika.