Gofu Ikalowerera Chisankho cha Agogo ku Sun City

Funso: Wowerenga wina akudabwa kuti bwanji gofu imautsa mapiri pachigwa posankha bodi ku Sun City, Arizona.

Yankho: Nkhani yagona pa ndalama. Mudziwu, womwe kampani ya Del Webb inatsegula mu 1960, ndi wa anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo. Bungwe la Recreation Centers of Sun City limayang'anira mabwalo 8 a gofu, ndipo bodi yake ili ndi anthu 9.

Eninyumba amalipira ndalama ya pachaka ku bungweli, ngakhale amene sanagwirepo ndodo ya gofu. Kuthirira kapinga m'chipululu si masewera, ndipo lamulo la Arizona la 1980 linaika malire pa madzi apansi. Ndiye osambira ndi osewera pickleball amafunanso munthu wawo m'bodimo, woti azifunsa za bajeti.