Mankhwala Ochokera ku Zomera ndi Kutupa kwa Matumbo a Nkhuku

Chiyambi

Nkhuku imene matumbo ake atupa imadya koma siikula. Khungu la m'kati mwa matumbo likanyuka, chakudya chimangodutsa osalowa m'magazi, ndipo mlimi amataya ndalama za chakudya ngakhale nkhukuyo isanafe.

Zoyambitsa Matenda

Matenda aakulu ndi awiri. Oyamba ndi kokisidiyosisi, amene amadza ndi tizilombo totchedwa Eimeria. Timazira ta tiziromboti timatuluka m'zitosi ndipo timakhwima pa tsiku limodzi kapena awiri mu utuchi wonyowa ndi wofunda. Anapiye a milungu 3 mpaka 6 ndiwo amagwidwa kwambiri: amazyolika, nthenga zimanyankhalala, ndipo nthawi zina zitosi zimatuluka ndi magazi. Achiwiri ndi kuwola kwa matumbo, kobwera ndi bakiteriya wotchedwa Clostridium perfringens, yemwe kawirikawiri amaswana pa mabala osiyidwa ndi Eimeria.

Chifukwa Chofufuzira Zomera

Kwa zaka zambiri opanga chakudya cha nkhuku ankathiramo maantibayotiki pang'ono kuti nkhuku zikule msanga. Mchitidwewu unathandizira kuti mabakiteriya ena asiye kumva mankhwala. Dziko la Sweden linauletsa mu 1986, ndipo maiko a European Union anauletseratu mu 2006. Kuchokera pamenepo kafukufuku wa zomera anakula.

Zomera ndi Mphamvu Zake

1. Adyo ali ndi allicin, amene amalepheretsa mabakiteriya kuswana. Allicin amapangika adyo akasinjidwa, ndipo amatha mphamvu msanga, makamaka akaphikidwa.

2. Jinja ali ndi gingerol, ndipo turmeric ali ndi curcumin. Zonse ziwirizi zimachepetsa kutupa kwa khungu la matumbo.

3. Oregano ndi thyme zili ndi mafuta okhala ndi carvacrol ndi thymol, amene amaboola khungu la bakiteriya. Mafutawa ndiwo amapezeka m'mankhwala ambiri a mtunduwu ogulitsidwa m'masitolo.

4. Masamba a chamwamba ali ndi mapuloteni ndi zoteteza maselo a thupi. Komabe akapyola magawo 10 pa 100 a chakudya chonse, nkhuku za nyama zimayamba kukula mochedwa.

Malire Ake

Zotsatira za kafukufuku zimasiyanasiyana, popeza mphamvu ya chomera imadalira nthaka, nyengo yokolola ndi kaumitsidwe kake. Zomerazi zimathandiza kuteteza ndi kuchepetsa kutupa, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala pamene matenda abuka kale. Zitosi za magazi zikaoneka, mlimi ayenera kuitana mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala monga amprolium amagwira bwino akaperekedwa msanga.

Zomerazi sizichiza chitopa, chimene ena amati chideru. Chitopa chimadza ndi vairasi, ndipo chitetezo chake ndi katemera, monga wa I-2 wodontheza m'diso, amene amaperekedwa ku Malawi ndi ku Mozambique.

Zoyenera Kuchita

1. Utuchi kapena mankhusu a mpunga a m'khola akhale ouma, makamaka nthawi ya dzinja. Pamalo ponyowa pozungulira zomwera pachotsedwe msanga.

2. Anapiye asasakanizidwe ndi nkhuku zazikulu, ndiponso asathithikane.

3. Adyo asinjidwe nthawi yomweyo imene akuthiridwa m'madzi akumwa, ndipo madziwo asinthidwe tsiku ndi tsiku. Nkhuku zikayamba kukana madzi, ndiye kuti adyo wachuluka.

4. Masamba a chamwamba aumitsidwe pamthunzi asanasinjidwe. Masamba ochita nkhungu atayidwe.

5. Chomera chatsopano chiyesedwe pa nkhuku zochepa kwa milungu iwiri, poyerekeza kadyedwe, zitosi ndi kulemera kwake ndi kwa nkhuku zotsalazo.

Mlimi amene amalemba m'kabuku mulingo wa zimene wapereka, tsiku lake ndi chiwerengero cha nkhuku zakufa amathandiza mlangizi kuona ngati chomeracho chikugwiradi ntchito m'khola lake.