Utsi wa Galimoto

Galimoto ipuma monga munthu. Injini yace imakoka mpweya, niusakaniza ndi petulo kapena dizilo, niutentha. Ndipo utsi wa moto umenewo uyenera kutuluka. Njira yace ndiyo paipi yaitali ya citsulo imene icokera ku injini, nipita pansi pa galimoto kufikira kumbuyo. Amakaniko aicha ekizozi. Paipiyo ili ndi bokosi la citsulo lochedwa sailensa, limene licepetsa phokoso.

Popeza ekizozi ikhala pansi, iona mabvuto ambiri. Miyala iigunda, maenje a mumseu aigwedeza, ndipo matope a m'dzinja aicititsa dzimbiri. Ngakhale m'kati mwace mumakhala madzi, pakuti petulo akapsa atulutsanso nthunzi. Galimoto yoyenda maulendo aafupi okhaokha siitentha mokwanira kuti madziwo aume, cotero paipi yace idyeka msanga.

Cizindikiro coyamba cimveka ndi makutu. Galimoto imene inali kuyenda mwakacetecete ikayamba kubangula ngati thirakita, dziwani kuti paipi kapena sailensa yabooka. Anyamata ena akondwera nalo phokosoli, nayesa kuti ndiyo mphamvu ya injini, koma anyengedwa. Mukamva gobedegobede pansi, kapena mphira zogwira paipi zaduka. Pamene pabooka pamaoneka mwaye wakuda.

Maso naonso athandiza. Utsi wakuda bii utanthauza kuti injini ilandira mafuta ambiri koma mpweya wocepa. Kawirikawiri sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Utsi wabuluu usonyeza kuti oilo alowa m'malo moyaka petulo, napsa. Kautsi koyera kooneka m'mamawa m'nyengo yozizira ndi nthunzi cabe, ndipo katha injini ikatentha. Koma utsi woyera wambiri wosaleka ucenjeza kuti madzi oziziritsa injini alowa kumoto. Pa galimoto za masiku ano, pfungo longa la mazira oola linena kuti kacipangizo koyeretsa utsi sikagwira bwino nchito.

Tsono mvetsetsani cinthu cacikulu. M'utsi muli mpweya woipa wochedwa carbon monoxide. Ulibe maonekedwe, ulibe pfungo, ndipo suyabwa pakhosi. Ndi mpweya womwewo umene upha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'miyezi ya June ndi July. Magazi athu ali ndi nchito yonyamula mpweya wabwino wa okosijeni, koma amagwira carbon monoxide mwamphamvu koposa okosijeni nthawi zopitirira 200. Cotero munthu apuma ndithu, koma thupi lace lili kufa ndi njala ya mpweya.

Paipi ikabooka pansi pa mipando, mpweyawu ukwera kupyolera m'ming'alu nulowa mwa anthu. Taganizani za basi yocoka ku Lusaka kunka ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 500, mazenera onse ali otseka cifukwa ca mphepo. Poyamba mutu uwawa. Kenaka pabwera cizungulire, mseru ndi tulo. Aulendo ayesa kuti ndiko kutopa, kapena malungo ayamba. Ana aang'ono ndiwo afooka msanga. Nanga dalaivala akayamba kuodzera, basi ili pa liwiro m'mapiri a ku Luangwa, cidzacitika nciani?

Anthu angapo m'galimoto imodzi akadwala mutu nthawi imodzi, musakhale cete poopa akulu. Tsegulani mazenera, ndipo uzani dalaivala mwaulemu kuti aime, azime injini, anthu atuluke. Wina akakomoka, mgonekeni cammbali pa mpweya wabwino, ndi kuthamangira naye kucipatala.

Kukonza ekizozi ndi nchito ya makaniko, amene aocherera pobooka kapena kuika paipi yatsopano. Kumanga ndi waya ndi cidutswa ca citini kungakufikitseni ku galaja, koma utsi udzadonthabe. Inu musakhudze paipi galimoto itangoima, pakuti iocha koopsa. Musalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yekha. Ndipo injini isalire m'nyumba yotseka zitseko.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji paipi ya galimoto yoyenda pafupi pokha idyeka msanga?
2. Utsi wabuluu ndi utsi wakuda usiyana bwanji m'tanthauzo lace?
3. Kodi mbaula ndi ekizozi yobooka zifanana motani?
4. Muli m'basi, ndipo inu ndi anzanu awiri mutu uwawa. Mudzacita ciani?