Kuchoka pa Chiponde Kupita ku Koleji: Zoyenera Kuchita Chaka Choyamba

Dzina la mwana wa pa Chiponde likatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, uthenga umathamanga pa foni kufika ku Namwera, kwa achibale a ku Mandimba kutsidya kwa malire, mpaka kwa achimwene amene ali ku Joni. Chisangalalocho n'choyenera. Koma zimene zimabweza ophunzira kumudzi maphunziro asanathe kawirikawiri ndi zinthu zooneka zazing'ono: mapepala osakonzeka, ndalama zotha mwezi uli pakati, manyazi a Chingerezi, ndi kulephera kukana. Achimwene ndi achemwali amene mukunyamuka chaka chino, tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Yambani ndi mapepala musanagule n'komwe chikwama. Ikani pamodzi chitupa cha unzika, zotsatira za MSCE zochokera ku MANEB ndi kalata yokuitanani kusukulu, muone ngati dzina lanu lalembedwa chimodzimodzi ponseponse. Kwathu kuno dzina limodzi limalembedwa Yusufu apa, Yusuf apo, Usufu kwina, ndipo chilembo chimodzi chosiyana chikhoza kukuchedwetsani pofunsira ngongole. Konzani zimenezi ku boma ku Mangochi mukadali pafupi, mujambulitse makope, enanso musunge mu foni. Ngati koleji yanu si ya boma, fufuzani kaye ngati bungwe la NCHE linavomereza sukuluyo ndiponso maphunziro amene mukukachitawo. Za ntchito zamanja funsani ku TEVETA. Zimapweteka kuona makolo atagulitsa mbuzi ndi chimanga kwa zaka zinayi, mwana n'kubwera ndi pepala limene olemba ntchito salizindikira.

Kenako ndalama, ndipo apa ndichedwapo. Bungwe la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Funsirani nthawi yake ikangolengezedwa, osadikira sabata yomaliza pamene netiweki imavuta, ndipo dziwani kuti ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza. Musananyamuke khalani pansi ndi amayi ndi amalume. Auzeni mosabisa kuti ndalama imeneyi ndi ya fizi, lendi ndi chakudya. Mukapanda kunena lero, tsiku limene ndalamayo idzalowe foni idzayamba kulira: feteleza, matenda, sadaka ya agogo. Zonsezo n'zofunika ndithu, ndipo kukana mayi ako si chinthu chapafupi. N'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kukambidwa m'nyumba ndalama isanaoneke, amalume ali pomwepo kuti adzakuikireni kumbuyo.

Ndalama ikafika, lipirani lendi tsiku lomwelo. Malo ogona a pasukulu sakwanira onse, kaya ndi ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre kapena ku LUANAR, choncho ambiri amachita lendi kunja. Pambuyo pa lendi gulani zosawonongeka msanga: ufa, nyemba, mafuta, sopo. Inu a pamalire mwakula mukuona osintha ndalama akusintha mtengo wa metical pamaso panu, ndipo mukukumbuka mmene zinthu zinakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yosungidwa pa Airtel Money kapena Mpamba kudikira kutha kwa semesita sidzagula zimene ikanagula lero. Musachite manyazi kukwera minibasi ndi thumba la ufa, mtedza wa kumudzi ndi usipa wouma wogula pa Mangochi. Anzanu amene angakusekeni tsiku loyamba adzabwera kudzadya nanu mwezi ukamatha. Katapila ndi juga ya mpira ya pa foni muzitalikire kotheratu, chifukwa zimenezi zimadya lendi mwakachetechete.

Chachitatu ndi masabata oyambirira m'kalasi. Mudzakumana ndi anzanu ochokera ku sukulu zodula za m'tauni amene Chingerezi chimangotuluka ngati madzi a pampopi. Inu mwafika ndi Chiyao, Chichewa, mwinanso Chipwitikizi cha pamsika, ndipo Chingerezi munkachimva m'kalasi mokha. Ambiri apa amasankha mpando wakumbuyo n'kukhala chete mpaka mayeso. Musatero. Khalani kutsogolo, ndipo dziikireni lamulo lofunsa funso limodzi pa sabata ngakhale mawu akunjenjemera. Madzulo werengani mokweza tsamba limodzi la buku la phunziro lanu kuti lilime lizolowere. Pezani anzanu atatu kapena anayi olimbikira, muzikumana tsiku lodziwika, aliyense azifotokozera anzake mutu umodzi. Pofotokoza m'pamene mudzadziwe zimene simunamve.

Ku koleji kulibe belu, kulibe ahedi oyenda ndi ndodo. Mphunzitsi akhoza kupereka ntchito lero n'kusaikumbutsanso mpaka tsiku loilandira, ndipo malikisi a ntchito zimenezi amawerengedwa pamodzi ndi a mayeso omaliza. Lembani masiku onse m'kabuku sabata yoyamba. Pitani ku laibulale mukafunse mapepala a mayeso akale. Ngati simunagwirepo kompyuta, musabise. Pitani ku chipinda cha makompyuta mukaphunzire kutaipa ntchito zisanachuluke. Mukalakwa mayeso aang'ono oyamba, gogodani ku ofesi ya mphunzitsi sabata yomweyo, musadikire kulemba mayeso obwereza.

Chipembedzo chanu musachisiye pa geti. M'masukulu akuluakulu muli magulu a ophunzira Achisilamu ndi Achikhristu, ndipo kumeneko mudzapeza a chaka chachitatu ndi chachinayi odziwa nyumba zotchipa ndi aphunzitsi othandiza. Mwezi wa Ramadan ukagwera nthawi ya mayeso, sinthani ndondomeko: zovuta muziwerenga m'bandakucha mukangodya, masana muzingobwereza. Achemwali, ndikunena ndi inu makamaka: njala ya kumapeto kwa semesita ndi imene zidyamakanda zimadikira. Wina aliyense, ngakhale mphunzitsi, akafuna thupi lanu posinthana ndi malikisi kapena lendi, sungani mauthenga ake ndipo mukanene ku ofesi yoona za ophunzira. Musapite nokha, tengani mnzanu wodalirika.

Tchuthi choyamba chili ndi mayeso akeake. Mukadzawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri kulowera ku Namwera, mudzapeza anzanu a ku pulayimale atabwera kuchokera ku Joni ndi foni zapamwamba, ena akukhoma malata panyumba za makolo awo, inu m'thumba muli ya kabaza yokha. Musawanyoze, thukuta lawo lasamala mabanja ambiri m'boma la Mangochi. Koma afunseni bwinobwino za ulendo wopanda mapepala, za kugona mobisala, za amene anasungidwa ku Lindela kudikira kubwezedwa kumudzi. Joni sidzathawa, ndipo amene amapitako ndi satifiketi ndi pasipoti amayenda mosiyana ndi wolumpha malire. Malo anu a ku koleji mukawasiya, kuwapezanso n'kovuta.

Masiku a tchuthiwo agwiritseni ntchito. Pemphani kuthandiza kuphunzitsa pa sekondale yoyendera ya kwanu, kapena kuthandiza pachipatala ngati mukuchita za umoyo, kapena kwa othandiza amalonda kuwolotsa katundu pachipata ngati mukuchita za malonda. Pomaliza pemphani kalata yosainidwa ndi kudindidwa yonena zimene munachita. Ndiponso kulitsani zilankhulo zanu. Boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ambiri mwa iwo olankhula Chiyao, ndipo namwino, mlangizi kapena mphunzitsi womva Chiyao amafika pamene mnzake amafuna womasulira. Chipwitikizi nacho chili ndi msika: njanji yochokera ku doko la Nacala imadutsa ku Cuamba, kulowa m'Malawi pa Nayuchi, kudzera ku Liwonde mpaka ku Moatize, ndipo malonda a njira imeneyi amafuna anthu olankhula ndi mbali zonse ziwiri. Pezani wachibale wa ku Mandimba amene anaphunzira sukulu kumeneko, azikuphunzitsani kuwerenga ndi kulemba Chipwitikizi ola limodzi patsiku tchuthi chonse, muyambe ndi kulemba kalata ndi kuwerenga mafomu a pachipata.