Phunziro: Kodi makina a magemu ndi kompyuta?

M'misika yambiri ya m'madera athu masiku ano simusowa kachipinda kokhala ndi kanema, mabenchi awiri ndi makina a PlayStation, momwe anyamata amalipira ndalama kuti asewere gemu ya mpira. Makolo ena amati zipinda zimenezi zikuwononga ana. Ena amati mwana wogwira makina otere akuphunzira kompyuta, ndipo alipo omwe amapempha abale awo a ku Johannesburg kuti awatumizire makinawa poganiza kuti akugulira mwana chida cha maphunziro. Ndalama n'zosowa, nthawi ya mwana nayo sibwerera. N'chifukwa chake phunziro lino likufotokoza za makina amenewa, kusiyana kwake ndi kompyuta, ndi zomwe maiko ena adaphunzirapo, kuti makolo ndi makomiti a chitukuko azisankha akudziwa chomwe akugula.

M'kati mwake n'zofanana

Mutatsegula makina a magemu ndi kompyuta ya mu ofesi, mupeza kuti m'kati mwake muli zipangizo zofanana. Muli kachipangizo kowerengera komwe ndi ubongo wa makinawo, muli malo osungira zinthu, ndiponso muli kachipangizo kojambula zithunzi zooneka pa kanema. Choncho munthu wonena kuti PlayStation kapena Xbox ndi kompyuta sanalakwe kwenikweni. Kusiyana kuli pa mwini kiyi. Pa kompyuta wamba, mwini wake amaikapo pulogalamu iliyonse yomwe afuna: yolembera makalata, yowerengetsera ndalama za banki m'khonde, ngakhale yomwe walemba yekha. Makina a magemu amalandira mapulogalamu okhawo omwe kampani yopanga makinawo yavomereza. Ali ngati nyumba yomwe mwagula, koma kiyi wa zipinda zina watsala m'thumba mwa mmisiri.

Chitseko chidatsekedwa bwanji?

Makina oyamba a magemu olumikiza ku kanema wa m'nyumba adali Magnavox Odyssey, omwe adatuluka ku America mu 1972 kuchokera ku ntchito ya katswiri wotchedwa Ralph Baer. Mu 1977 kampani ya Atari idatulutsa makina omwe adadzatchuka ndi dzina loti Atari 2600. Makinawa adalibe loko aliyense, moti makampani ambiri adayamba kupanga magemu awoawo, abwino ndi achabechabe omwe. Msika udadzaza ndi katundu wosakoma, ogula adataya chikhulupiriro, ndipo mu 1983 malonda a magemu ku America adagwa chagada. Chaka chomwecho Atari idakakwirira katundu wosagulidwa kudzala la mumzinda wa Alamogordo, m'chigawo cha New Mexico, ndipo ena mwa magemuwo adafukulidwa mu 2014.

Kampani ya ku Japan ya Nintendo idatolapo nzeru pa tsoka limeneli. Potulutsa makina ake a NES ku America mu 1985, idaikamo kachipangizo kokana gemu iliyonse yomwe sidapangidwe ndi chilolezo chake. Idalamulanso kuti kampani iliyonse isatulutse magemu opitirira asanu pa chaka. Njira imeneyi idabwezeretsa chikhulupiriro cha ogula, ndipo makampani obwera pambuyo adaitsatira: Sony ndi PlayStation mu 1994, Microsoft ndi Xbox mu 2001. Kuyambira pamenepo malonda ake amayenda chonchi: phindu la pa makina limakhala lochepa, mwinanso amagulitsidwa moluza, ndipo kampani imadyerera pa gemu iliyonse yomwe mwini makinawo adzagule. Chitseko chikadakhala chotsegula, phindu limeneli likadatayikira kwa ena.

Zomwe zidachitika ndi PlayStation 3

Pali nkhani imodzi yomwe imaonetsa bwino mphamvu ya mwini kiyi. PlayStation 3 itatuluka mu 2006, Sony idalola kuti wogula aziikamo pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux, n'kumagwiritsa ntchito makinawo ngati kompyuta wamba. Akatswiri adaona kuti makinawa ngamphamvu pa mtengo wotsika. Mu 2010 nthambi ya kafukufuku ya asilikali a m'mlengalenga a ku America idalumikiza makina a PlayStation 3 okwana 1,760 n'kupanga kompyuta imodzi yaikulu yomwe idatchedwa Condor Cluster.

Koma mu April chaka chomwecho, Sony idachotsa mwayi woika Linux kudzera m'pulogalamu yatsopano yotumizidwa pa intaneti, ponena kuti ikuteteza makina ake kwa akuba magemu. Wokana kusinthaku ankataya mwayi wosewera ndi anzake pa intaneti. Ogula ena adakasuma kukhoti, ndipo mlanduwo udatenga zaka zingapo usanathe ndi mgwirizano woti kampaniyo iwalipire kangachepe. Anthu adagula katundu ndi ndalama zawo, katunduyo ali m'nyumba zawo, komabe zomwe angachite naye zidasinthidwa ndi munthu wokhala kutsidya la nyanja. Apa mpomwe pagona mtsutso waukulu wa masiku ano pa zipangizo zamakono, mafoni omwe: kodi chomwe wagula n'chako ndithu?

Phunziro la ku Britain

Mu 1981 kampani ya Acorn ya mumzinda wa Cambridge idapanga kompyuta yotchedwa BBC Micro, mogwirizana ndi nyumba youlutsa mawu ya BBC yomwe inkafuna kuphunzitsa anthu za makompyuta. Boma linkathandiza masukulu pa mtengo wake, choncho idafika m'masukulu ambiri a m'dzikomo. Ukaiyatsa, inkangodikira kuti uilembere malamulo m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa BASIC. Ana ankaseweranso magemu pa kompyutayi, koma wofuna kudziwa momwe gemu ikuyendera ankatha kuyesa kulemba yakeyake. Ophunzira awiri a pa yunivesite ya Cambridge, David Braben ndi Ian Bell, adalemba gemu yotchuka ya Elite yomwe idatuluka pa kompyuta imeneyi mu 1984. Kampani ya Acorn yomweyo ndiyo idayambitsa ubongo wa makina wotchedwa ARM mu 1985, ndipo mapangidwe ake ndiwo ali m'mafoni ambiri omwe tili nawo m'manjamu.

Patatha zaka pafupifupi makumi awiri, Eben Upton ndi anzake a pa yunivesite ya Cambridge adaona kuti achinyamata ofunsira maphunziro a makompyuta akuchepa, ndipo omwe akubwerawo sadziwa zambiri ngati anzawo akale. Chimodzi mwa zifukwa zomwe adaona chidali chakuti ana a m'badwo watsopano adakulira pa makina otseka, osewerera basi, ndi pa makompyuta odula a makolo omwe sankaloledwa kuwaseweretsa. Yankho lawo lidali Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono ngati khadi la kubanki, yomwe idatuluka mu 2012 pa mtengo wa madola 35. Imalumikizidwa ku kanema wamba, imafuna kiyibodi, mausi ndi kamemore khadi, ndipo imadya magetsi ochepa moti sola yaing'ono imaikwanitsa. Poyerekeza, PlayStation 5 yolandira madisiki idatuluka mu 2020 pa mtengo wa madola 499. David Braben uja, yemwe adatchuka ndi gemu, ndi mmodzi mwa omwe adayambitsa bungwe la Raspberry Pi. Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti gemu ikhoza kukhala khomo lolowera ku luso, bola ngati makinawo akulola mwana kusuzumira kuseri.

Makina paokha saphunzitsa

Tisathamangire kuganiza kuti kugula kompyuta yotsegula ndiye kuti nkhani yatha. Mu 2005 Nicholas Negroponte adalengeza ntchito ya One Laptop per Child, yofuna kupatsa mwana aliyense wa m'maiko osauka laputopu yotsika mtengo. Dziko la Peru lidagula malaputopu amenewa ochuluka zedi n'kugawa m'masukulu a kumidzi. Kafukufuku yemwe banki ya Inter-American Development Bank idatulutsa mu 2012 adapeza kuti ana adazolowera kugwiritsa ntchito makinawo, koma sadapite patsogolo pa masamu ndi pa chiyankhulo poyerekeza ndi anzawo omwe sadalandire. Khasu, ngakhale likhale lakuthwa chotani, silipalira lokha. Pamafunika mphunzitsi wodziwa, ndondomeko ya zophunzira, magetsi odalirika ndi munthu wokonza zikawonongeka.

Kuno ku Malawi, ana a m'makalasi oyambirira m'masukulu ena a pulayimale akuphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti okhala ndi mapulogalamu a m'Chichewa opangidwa ndi bungwe la onebillion. Mapulogalamuwa adabwereka nzeru zambiri ku magemu: mwana amayesa, amaona pompo ngati wakhoza, n'kupita pa gawo lotsatira. Chomwe chimasiyanitsa n'chakuti nthawi yake njoyezedwa, zophunzirazo zidasankhidwa mwadala, ndipo mphunzitsi amakhala pomwepo.

Nanga magemu ngoipa?

Mtsutso wakuti magemu amaphunzitsa ana nkhanza ngwakale. Mu 1993 aphungu a nyumba ya Senate ku America adakambirana za magemu oonetsa magazi monga Mortal Kombat, ndipo chaka chotsatira makampani adakhazikitsa bungwe loika malire a zaka pa gemu iliyonse. Ku Ulaya njira yofanana nayo, yotchedwa PEGI, idayamba mu 2003. Pachikuto cha gemu yochokera kumeneko pamalembedwa nambala 3, 7, 12, 16 kapena 18, kusonyeza zaka zoyambira za woyenera kusewera. Gemu ya mpira ya FIFA idali ndi nambala 3, pomwe Grand Theft Auto V ili ndi 18. Kholo lililonse, ngakhale losadziwa Chingerezi, likhoza kuwerenga nambala imeneyi. Mu 2020 bungwe la akatswiri a kaganizidwe ka anthu ku America lidanena kuti palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti magemu ndiwo amachititsa anthu ziwawa. Komabe zimenezi sizikutanthauza kuti mwana wa Sitandade 4 aziloledwa kuona zomwe zidapangidwira akuluakulu.

Nkhawa ina nja kukomedwa. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidavomereza kuika vuto la kukomedwa ndi magemu m'ndandanda wa matenda, womwe udayamba kugwira ntchito mu January 2022. Zizindikiro zake n'zitatu: munthu kulephera kudziletsa, kuika magemu patsogolo pa zinthu zina zonse za moyo, ndi kupitiriza ngakhale akuona kuti zikumuwononga. Kawirikawiri zizindikirozi zimayenera kuoneka kwa miyezi 12 ndi kusokoneza kwambiri sukulu, ntchito kapena banja. Bungweli limanenetsa kuti vutoli limagwira anthu ochepa mwa osewera onse. Choncho mwana wosewera ola limodzi Loweruka sakudwala. Woyenera kumuyang'anitsitsa ndi yemwe wayamba kujomba kusukulu, kusagona, kapena kutola ndalama za m'nyumba kuti akalipire gemu.

Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Magemu ena amakono amagulitsa timabokosi tobisika, tomwe wosewera amalipira asakudziwa chomwe apezemo. Mu 2018 dziko la Belgium lidagamula kuti timabokosi totere m'magemu ena ndi juga. Kwathu kuno, komwe kubetcha pa mpira kudzera pa foni kwafala, m'pofunika kuchenjera kuti chipinda cha magemu chisasanduke sukulu ya juga, makamaka anyamata akayamba kubetcherana ndalama pa gemu ya mpira.

Zoyenera kuchita m'wodi mwathu

Kwa makolo, funso loyamba musanagule kapena kupempha chipangizo n'lakuti: kodi mwana adzapanga nacho chiyani? Ngati cholinga n'kusangalala, makina a magemu ngoyenera, ndipo kusangalala si mlandu. Ngati cholinga ndi maphunziro, laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito yokhala ndi kiyibodi yabwino ingathandize kuposa makina odula otseka. Pulogalamu yaulere ya Scratch, yomwe idatuluka ku yunivesite ya MIT mu 2007, imaphunzitsa ana kupanga magemu awoawo polumikiza timalamulo ngati njerwa, ndipo ikaikidwa pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti.

Kwa eni zipinda za magemu, malonda anuwo ndi ntchito yopezera chakudya ngati ina iliyonse, koma mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kubweza mwana wovala yunifomu nthawi ya sukulu, kutsatira nambala za zaka ndi kuletsa kubetcha kungateteze ana pamodzi ndi mbiri ya malondawo.

Kwa makomiti a VDC ndi ADC, makomiti a masukulu, mafumu ndi makhansala, pamene wina walonjeza makompyuta kapena pamene mukukonza mapulani a chitukuko, safunsa adadya phula. Funsani kuti adzaphunzitse ndani, magetsi adzachokera kuti, adzakonze ndani zikawonongeka, ndiponso ngati makinawo amalola kuikamo mapulogalamu ena popanda kulipira kampani chaka ndi chaka. Makompyuta asanu okhala ndi mphunzitsi ndi sola aposa makumi atatu otsekeredwa m'chipinda chifukwa chosowa woyatsa.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa m'mudzi

1. Kodi m'dera lanu muli zipinda za magemu zingati, ndipo zimatsegulidwa nthawi yanji pa masiku a sukulu?
2. Ndi malamulo ati omwe mafumu, makolo ndi eni zipindazi angagwirizane popanda kupha malonda a munthu?
3. Kodi alipo achinyamata odziwa kompyuta m'wodi mwanu omwe angaphunzitse anzawo masana a Loweruka, ndipo angafune thandizo lotani?
4. Ngati pasukulu yanu padafika kale makompyuta kapena matabuleti, ndi angati omwe akugwirabe ntchito lero, ndipo amene adaleka adaleka chifukwa chiyani?